Mabemberezi a Kamishonala

Mu ufumu wa Tazolowera, dziko lomwe simungalipeze pa mapu chifukwa komiti yojambula mapu idakali kukambirana, munali ndege imodzi yokha yonyamula anthu. M'mapepala a boma inkatchedwa Nkhwazi ya Fuko, koma anthu ankangoti Achikulire, poti inali yakale ndipo inkatsokomola kaye isanadzuke. Inkatera pa bwalo la Tafikadi, m'mphepete mwa mzinda wa Dikirani. Ikamatsika inkadutsa pamwamba penipeni pa msika wa Tsitsaniko, moti amayi ogulitsa ufa ankavundikira mabeseni akangomva kulira kwake.

Pa nsanja ya pabwalopo pankagwira ntchito mayi wina, a Nankhoma. Ntchito yawo inali youza oyendetsa ndege nthawi yotera, nthawi yonyamuka ndi njira yoti adutse kuti asagundane. Anali atakhala pa mpando umenewo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi popanda ngozi, n'chifukwa chake kunyumba ya mfumu kunalibe amene ankawadziwa.

Zinthu zinasintha chaka chomwe mkulu wa apolisi, Kamishonala Chiphwanya, anapita kunja kukaona chionetsero cha zida zamakono. Anabwerako ndi madroni makumi anayi, tindege topanda munthu, tokhala ndi kamera kumimba. Anatipaka utoto wa yunifolomu ya apolisi n'kukationetsa kwa Mfumu Mverani Wachitatu.

"Mfumu yanga," anatero a Kamishonala, "wakuba amathawa wapolisi wa mimba, koma sangathawe wapolisi wa mapiko."

Mfumu inaomba m'manja, nduna nazo zinaomba, ndipo nduna imodzi yomwe inkawodzera inadzidzimuka n'kuomba kuposa anzake onse. Tsiku lomwelo panatuluka Lamulo Loyamba la Mumlengalenga. Linkati venda akangooneka pa Msewu wa Chitukuko, madroni onse asiye chilichonse chomwe akuchita, athamangire kumeneko kukamujambula. Mumsewuwo munkadutsa alendo a mfumu, ndipo sikunali koyenera kuti aone chitukuko chikugulitsa mandasi.

Apolisi oyendetsa madroniwo anawapatsa malo pa denga la ofesi ya msika, ndipo wowayang'anira anali Sajeni Kalikokha. Pasanathe sabata, amsika anali atatipatsa kale dzina tindegeto: mabemberezi.

"Ine sindikudandaula," anatero a Nasibeko, ogulitsa matimati, omwe anali mlamu wawo wa a Nankhoma. "Kakaima pamwamba pako kamakukupiza bwinobwino. Wapolisi wa miyendo anayamba wakukupizapo?"

"Ine ndiye ndikupemphera awonjezere ena," anayankha bambo wokonza maambulera. "Chiyambire, sindinaonepo anthu a Dikirani akufunda ambulera mu Ogasiti."

Koma ku nsanja kunalibe zoseka. Lachiwiri lina masana, Achikulire akutsika ndi anthu makumi asanu ndi atatu, mawu a woyendetsa, Kaputeni Mbalule, anamveka pa wailesi.

"Nsanja, kuno kwangodutsa kanthu kovala yunifolomu."

"Kadutsa patali bwanji, Kaputeni?"

"Pakanakhala kuti mawindo a ndege amatseguka, bwenzi nditakapatsa moni wa m'manja."

A Nankhoma anayang'ana pa makina awo oonera ndege. Sanaone kanthu. Kabemberezi kanali kakang'ono kwambiri moti makinawo ankakaona ngati palibe. Ndege itatera, analemba kalata. Patapita masiku analemba yachiwiri, kenako yachitatu. Yachinayi itafika, alembi a kunyumba ya mfumu anatopa nawo n'kuwaitana kuti akadzinenere okha pamaso pa nduna.

Analowa atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu, anagwada, kenako anaimirira n'kufotokoza mwachidule monga ankachitira pa wailesi.

"Mfumu yanga, kanthu kameneka n'kopepuka ngati nkhuku, koma m'mimba mwake muli batire ndi zitsulo. Kakalowa mu injini, injiniyo imayaka. Kakamenya galasi la kutsogolo, woyendetsa saonanso njira. Pansi pa njira yomwe ndege zimatsikira pali msika, pali sukulu ziwiri. Ndikupempha kuti madroni asamauluke m'njira imeneyo, komanso kuti pakhale wailesi yoti ife a ku nsanja tizilankhulana ndi apolisi owayendetsa."

A Kamishonala anamwetulira ngati munthu womva chisoni. "Mayiwa sadziwa akuba. Tikangolengeza kuti kuli kumwamba komwe apolisi safikako, mawa lomwe akuba onse a m'dziko muno asamukira pansi pake. Tsono za wailesizo, wailesi ya apolisi ndi chinsinsi cha boma. Ngakhale ife eni ake nthawi zina sitimvana."

Nduna ya Zamtengatenga ndi Mitambo inati nkhaniyo inali yaing'ono: ndege ziziimba hutala zikamayandikira mzinda. Nduna ya Zamaphunziro inati bola aliyense aziyenda kumanzere, monga pa msewu. Wina anafunsa kuti kumanzere kwa ndani. Funso limeneli linadya ola lathunthu, mpaka anabweretsa tiyi.

Atamwa tiyi, kunatulukira mfundo yaikulu. A Kamishonala anakumbutsa bwalo kuti droni iliyonse inapatsidwa udindo wa Inspekitala, ndipo ili ndi nyenyezi ziwiri zojambulidwa pamsana. Mwambo wa dziko la Tazolowera ndi woti wamng'ono amapatukira wamkulu. Tsono pakati pa Kaputeni ndi Inspekitala, wamkulu ndani? Nduna zinagawikana pawiri. Ena ankati Kaputeni. Ena ankati zimatengera kuti anayamba ntchito ndani.

"Mfumu yanga," anatero a Nankhoma mkangano utazizira, "ndege ikamatsika imadutsa bwalo la mpira munthu asanamalize kuphethira kawiri. Woyendetsa alibe nthawi yowerenga nyenyezi za pamsana."

Mfumu inagwedeza mutu kwa nthawi yaitali, chisoti chake chachifumu chikugwederanso. Sinali mfumu yankhanza. Vuto lake linali loti inkakonda kuti aliyense atuluke m'bwalo ali wokondwa.

"Mayiwa anena zoona," inatero. "Nyenyezizo zikulitsidwe."

M'mawa mwake lamulolo linawerengedwa pa wailesi ya fuko, ndipo kumsika analilandira mwaulemu.

"Ndiye kuti zatheka," anatero a Nasibeko akusanja matimati. "Ndege ikadzatigwera tidzadziwa kuti yagundana ndi bwana."

Patapita miyezi iwiri, mfumu inaitanidwa kudziko loyandikana nalo ku msonkhano wa chitetezo cha mumlengalenga. Inalankhulako maola awiri za momwe Tazolowera anathetsera vutoli. Inkabwerera Lachisanu masana pa Achikulire, pamodzi ndi anthu wamba: amalonda, ophunzira, gulu la kwaya ya amayi, ndi banja lina lomwe linkachokera kuchipatala ndi khanda.

A Kamishonala anakonza zoti aidzidzimutse mfumu ndi chikondwerero. Sanauze munthu aliyense ku nsanja, poti chodzidzimutsa sauza anthu. Pabwalo la ndege anaimika chikanema chachikulu ngati khoma la nyumba, choti khamu lizionerapo zomwe makamera a madroni akujambula. Nthawi itakwana, madroni onse makumi anayi ananyamuka pa denga la msika n'kukandanda mumlengalenga, kupanga chilembo cha M, choyamba cha dzina la mfumu. Malo omwe chilembocho chinkaoneka bwino kwa munthu wokhala mu ndege anali amodzi okha: pakati penipeni pa njira yotsikira.

A Nankhoma anachiona ndi maso pawindo la nsanja.

"Kaputeni Mbalule, musatsike. Ndikubwereza, musatsike. Kwerani, muzizungulira kumadzulo kwa phiri."

"Ndamva, nsanja. Kwagwanji?"

"Ma Inspekitala onse ali panjira panu."

"Amayi, mafuta omwe ndili nawo ndi a mphindi makumi awiri ndi zisanu. Mphepo inatidyera ambiri m'njira."

Bwalo lina lomwe ndege ikanathawirako linali la ku Tidzamanga. Linali litatsegulidwa katatu ndi nduna zitatu zosiyana, koma msewu woterapo ndege unali usanamangidwe.

A Nankhoma anaimba foni ya a Kamishonala. Inali yozimitsa. Anaimba ya wachiwiri wawo, chimodzimodzi. Mafoni a akuluakulu onse anali mu dengu la mkulu woona za mwambo, chifukwa chaka chapitacho foni ya nduna ina inaimba nyimbo ya chikondi pakati pa nyimbo ya fuko. Mnzawo wa ntchito anatsika masitepe akuthamanga, koma alonda anamubweza pa chingwe chofiira poti analibe khadi loitanidwira. Anakuwa, koma bandi ya apolisi inali itayamba kuimba.

Mu ndege, mfumu inafunsa chifukwa chomwe phiri lomwelomwelo linkadutsira pawindo kachitatu. Mayi wothandiza anthu mu ndegemo anayankha kuti fuko lapempha kuti liyione mfumu yake mbali zonse. Mfumu inakondwa, koma phirilo litadutsa kachisanu inatuma uthenga kutsogolo kuti fuko laona mokwanira, ndege itere.

"Nsanja," anatero Kaputeni, "mwini dziko akuti titere."

"Auzeni mwaulemu kuti ndakana."

"Ndiwauze kuti wakana ndani?"

"Nankhoma. Alembe bwino dzinalo."

Panatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. A Nankhoma anatulutsa foni yawo m'chikwama n'kuimbira munthu mmodzi yekha yemwe ankadziwa kuti sazimitsa foni.

"Alamu, siyani matimatiwo. Kwerani pa denga la ofesi, mukawauze apolisiwo achotse mabemberezi awo. Achikulire akutha mafuta, ndipo muli mfumu ndi kwaya ya amayi."

A Nasibeko sanafunse kawiri. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kukwera makwerero achitsulo omwe anali asanawakwerepo chibadwire. Pamwamba anapeza apolisi atakhala m'mizere, aliyense maso pa kachipangizo kake. Sajeni Kalikokha anali ataimirira, chipewa chili m'manja, akuyang'ana ndege yomwe inkazungulira kuseri kwa phiri.

"Achimwene, mukuiona ndegeyo?"

"Ndikuiona, amayi."

"Ikudikira inu."

"Ndikudziwa, amayi. Ndakhala ndikuimbira bwana, sakuyankha. Anatiuza kuti M asasunthe mpaka mfumu itamuona. Ndikamusuntha ndekha, Lolemba ndilibe ntchito, mwina ndili m'chitokosi."

"Ndiye tidikire iphulike?"

Sajeni anapukuta nkhope ndi chipewa. Kenako analankhula motsitsa mawu, maso ali kumbali. "M'buku mwathu muli lamulo limodzi lokha lomwe limaposa mawu a Kamishonala. Linasainidwa ndi mfumu yeniyeniyo. Lamulo Loyamba."

A Nasibeko anayang'ana pansi, pa Msewu wa Chitukuko. Unali mbee, wosesedwa, mbendera zili petupetu, ukudikira mdipiti wa galimoto za mfumu.

"Mukuti tikapalamule?"

"Ine ndine wapolisi, amayi. Sindingauze munthu zimenezo. Ndikungoti anyamata angawa amamvera lamulo msanga kwambiri."

A Nasibeko anatsika makwerero aja mofulumira kuposa momwe anakwerera. Anakwera pa benchi la wogulitsa nsomba n'kukuwa kuti aliyense anyamule katundu wake, akayale pa Msewu wa Chitukuko, tsopano lino.

"Atilande katundu chifukwa cha mfumu?" anafunsa mayi wogulitsa kaunjika. "Inatichitira chiyani?"

"Asisi, mfumuyo ikamagwa sikagwera kunyumba kwake. Igwera pa mabelo anuwo. Ndiponso muli kwaya ya amayi m'menemo."

Nkhani ya kwayayo ndi yomwe inagwira mtima. Msika wonse unakhuthukira mumsewu. Matimati, kabichi, nsapato, mbaula za chipisi zikufuka utsi, nkhuku zomangidwa miyendo, mbuzi ziwiri. Bambo wa maambulera anayala ake pakati penipeni pa mzere woyera. Anthu omwe kwa miyezi ankabisa nkhope anayang'ana kumwamba n'kumakupiza manja, akuitanira malonda ngati kuti ogula ali m'mitambo.

Pa denga, Sajeni Kalikokha anavala chipewa chake n'kukuwa ndi mawu omwe anamveka mpaka kudepoti: "Mavenda pa Chitukuko! Lamulo Loyamba! Nonse!"

Pabwalo la ndege, khamu linaona chilembo chija chikuphwasuka. Mwendo umodzi wa M unachoka, kenako unzake. A Kamishonala anapitiriza kuchita sawasha, maso okha ndi omwe ankayendayenda.

A Nankhoma anawerenga madroniwo ndi magalasi oonera patali. Makumi atatu ndi asanu ndi anayi anapita. Kamodzi kanatsala. Kanali katasiya kumvera woyendetsa wake, kakungoyandama, mphepo ikukakankha pang'onopang'ono.

"Nsanja, sindingazungulirenso. Ndikubwera."

"Bwerani, Kaputeni. Katsala kamodzi, pamwamba pa thanki ya madzi, kumanzere kwa njira yanu. Sindikukaona pa makina, ndikukaona ndi maso. Muzimvera ine."

"Ndikumva inu nokha, amayi."

"Pendekerani kumanja pang'ono. Pang'ononso. Gwirani pomwepo. Kakubwera kwa inu. Musatsike, dikirani. Dikirani. Tsopano tsikani."

Achikulire anadutsa. Kabemberezi kanaphonya injini ndi mtunda wosakwana kutalika kwa chitseko, kanadutsa pamwamba pa phiko, kanayang'anizana ndi windo lachitatu, kenako mphepo ya ndege inakatembenuza n'kukaponya m'munda wa chinangwa kuseri kwa mpanda.

Koma kasanagwe kanagwira ntchito yomwe kanalembedwera. Kanajambula. Ndipo poti kanali kokhako komwe kanatsala pafupi, chithunzi chake ndi chomwe chinadzaza chikanema chachikulu chija, n'kuima pomwepo osasunthanso.

Fuko la Tazolowera linaona mfumu yake. Chisoti chinali chitagwa. Pamutu pomwe ndakatulo za kusukulu zinkati pali tsitsi la mkango panali dazi losalala, lonyezimira thukuta. Maso inali itatsinzina, pakamwa pali yasa, ndipo manja onse awiri inali itagwira mkono wa mayi wina wa kwaya, yemwe ankaoneka kuti akuilimbitsa mtima.

Bandi inasiya kuimba, chitoliro chimodzichimodzi. Palibe anaseka. Anthu a ku Tazolowera amadziwa kusunga chinthu chabwino kuti akachidyere kunyumba.

Matayala atagunda pansi, a Nankhoma anati, "Takulandirani, Kaputeni," n'kuzimitsa batani la wailesi. Anakhala pansi penipeni, pa simenti, mpaka mnzawo uja anawabweretsera madzi.

Lolemba bwalo la nduna linakumana. A Kamishonala anafotokoza kuti zonsezo anazikonza dala, pofuna kuonetsa kuopsa kwa madroni pafupi ndi ndege, ndipo anapatsidwa mendulo chifukwa chotulukira vutolo. Kenako mfumu, itavala chisoti chatsopano chokhala ndi lamba wa pachibwano, inawerenga lamulo. Kuyambira tsikulo, droni iliyonse inaletsedwa kuuluka m'njira yotsikira ndege kapena kuyandikira ndege ina iliyonse, yaikulu kaya yaing'ono, popeza palibe angadziwe ndege yomwe mfumu yakwera, ndipo kujambula mutu wa mfumu popanda chilolezo ndi mlandu woukira boma. Inalamulanso kuti pa nsanja paikidwe wailesi yolumikizana ndi apolisi, kuti nthawi zonse azidziwa komwe kuli mutuwo. Za injini, za msika ndi za sukulu ziwiri zija, lamulolo silinatchulepo.

Mavenda mazana awiri anaimbidwa mlandu woipitsa Chitukuko, umboni wake unali zithunzi zooneka bwino kwambiri. Mfumu inawakhululukira onse pa chifundo chake, n'kulamula kuti katundu wawo abwezedwe. Anabwezedwadi, kupatula chipisi ndi mbuzi imodzi, zomwe zinathera mu kafukufuku.

A Nankhoma analandira kalata yowachenjeza chifukwa chodikiritsa mfumu mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Dzina lawo linalembedwa bwino.

Lamlungu a Nasibeko anapita kukawaona, atanyamula matimati otsala.

"Koma alamu, sizikukuwawani? Zonse munapempha zija achita, koma akuti n'chifukwa cha dazi."

"Ndege sifunsa kuti njira yatseguka chifukwa chiyani," anayankha a Nankhoma. "Makalata anga anayi sanapulumutse munthu. Mutu umodzi uja wapulumutsa mzinda wonse. Ine ndikuupempherera kuti usamerenso tsitsi."

Lachiwiri lotsatira, Achikulire anatulukira kuseri kwa phiri pa nthawi yake.

"Nsanja, muno ndi Mbalule. Njira ili bwanji lero?"

A Nankhoma anayang'ana kumwamba kwa msika. Kunalibe kanthu, koma akhwangwala awiri.

"Ili bwino, Kaputeni. Yosalala, yowala, yopanda ngakhale kamodzi komera. Ili ngati..."

"Musamalize, amayi. Wailesi yatsopano ija ndi yotsegula."

Panamveka kukhosomola, kenako mawu a Sajeni Kalikokha ochokera pa denga la msika.

"Kuno ku polisi wailesi ikuvuta, sitikumva bwino. Koma anyamata akuti fanizolo ndi lolondola. Terani, Kaputeni."